Musanalipire hotela ya pagombe ku Zanzibar, funsani za madzi

Amalawi amene amakaoda katundu ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam amadziwa kuti Zanzibar ndi pafupi. Sitima yapamadzi imatenga pafupifupi maola awiri kukafika ku Stone Town, ndipo wa pasipoti ya Malawi safunika viza polowa m'dziko la Tanzania. N'chifukwa chake mabanja ena, makamaka ongokwatirana kumene, amasunga ndalama miyezi yambiri kuti akapumeko pachilumbachi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amasankha pogona pongoona chithunzi pafoni, osadziwa kuti nyanja yamchere ili ndi khalidwe lina losiyana ndi nyanja yathu.

Ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, pamene mwawasiya madzi m'mawa ndi pamene muwapeze madzulo. Kunyanja ya Indian Ocean madzi amadzaza n'kuphwera kawiri patsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Amakwera kwa maola pafupifupi 6, kenako amatsika kwa maola enanso 6, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala kumdima, kusiyanaku kumakula mpaka kupitirira mamita atatu. Ndiye funso loyamba kwa a hotela lisakhale la mtengo. Afunseni kuti, "Madzi akaphwera, munthu angathe kusambira kutsogolo kwa hotela yanu?"

Yankho lake likudalira mbali ya chilumba. Kuvuma, kumene kuli Paje, Jambiani, Bwejuu ndi Matemwe, pansi pa nyanja ndi potsetsereka pang'onopang'ono ndipo patali pali mzere wa matanthwe otchinga mafunde. Madzi akaphwera amathawa mtunda wautali, malo ena kuyandikira kilomita yathunthu, n'kusiya mchenga wonyowa, timadziwe ndi ndere. Munthu amene wabwera kudzasambira amakhala maola angapo akuwayang'anira patali madziwo. Kumpoto, ku Nungwi ndi ku Kendwa, nyanja imazama pafupi ndi gombe, moti mutha kusambira pafupifupi nthawi iliyonse ya tsiku. N'chifukwa chakenso kumeneko kumadzaza alendo ndipo zipinda zimakwera mtengo.

Musafulumire kunyoza kuvuma. Kwa banja la ana aang'ono, ine ndingasankhe Jambiani. Madzi osaya ndi abwino kwa mwana, mudzi wake ndi wabata, ndipo madzi akaphwera mumaona amayi akugwira ntchito m'minda ya ndere za m'nyanja, zimene amabzala pazingwe zomangirira pazikhomo, n'kuziyanika kuti zikagulitsidwe kunja. Ulimi umenewu unayamba kumeneko cha m'ma 1989 ndipo umadyetsa mabanja ambiri. Chofunika n'kusankha hotela yokhala ndi dziwe losambiramo kuti ana asakutopetseni masana madzi akachoka, komanso kugula nsapato zapulasitiki zolowera nazo m'madzi, chifukwa m'matanthwemo mumabisala tizilombo takuda taminga tobaya zowawa kwambiri. Ndandanda ya nthawi yodzaza ndi kuphwera madzi imapezeka pa intaneti. Lembani dzina la mudzi ndi masiku amene mukakhaleko, muone ngati madzi azidzaza masana kapena usiku.

Kumbukiraninso dzuwa. Kuvuma mumaona kutuluka kwake, koma amene akufuna kuona dzuwa likumira m'nyanja apite ku Kendwa, ku Nungwi kapena ku Stone Town.

Tsopano za hotela yeniyeniyo. Mahotela ambiri amalemba kuti ali pagombe pamene pakati pa iwo ndi madzi pali msewu, kapena nyumba zina ziwiri. Tsegulani Google Maps, musankhe chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba, muone nokha pamene pali mpanda wa hotelayo. Ena alidi m'mphepete mwa madzi koma anamanga pamwamba pa thanthwe, moti madzi akadzaza mchenga wonse umamira ndipo mafunde amamenya khoma. Zithunzi za eni hotela zimajambulidwa pa ola labwino la tsiku labwino, choncho fufuzani zithunzi zimene alendo anajambula okha, ndipo werengani madandaulo a miyezi yaposachedwa. Dandaulo limodzi likhoza kukhala la munthu wovuta, koma ngati anthu asanu osadziwana akunena za bafa lotuluka madzi amchere, khulupirirani.

Muuzenso a hotela akuuzeni chipinda chimene mupatsidwe. Pahotela imodzi yomweyo pamakhala zipinda zoyang'ana kunyanja ndi zina zakumbuyo pafupi ndi khitchini kapena jenereta. Chakumbuyo n'chotsikirako mtengo ndipo si choipa ngati mwasankha mukudziwa. Choipa n'kulipira mtengo wa chakutsogolo n'kukagona moyang'anana ndi thanki ya madzi. Zimene mwagwirizana zilembedwe pa imelo kapena pa WhatsApp.

Kunyanja yamchere kumatentha mwachinyontho, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Amene anagonapo ku Nsanje kapena ku Mangochi mwezi wa Okutobala akudziwa chimene usiku wotere umachita kwa munthu. Funsani ngati m'chipinda muli makina oziziritsa mpweya kapena fani chabe, ndiponso ngati jenereta yawo imayendetsa makinawo magetsi akazima, pakuti magetsi a pachilumbachi amachokera kumtunda kudzera pa chingwe cha pansi pa nyanja ndipo amathima nthawi zina. Neti ya udzudzu ikhalepo pabedi lililonse, la ana lomwe. Madzi akumwa gulani a m'botolo.

Nyengo nayo imasintha gombe lomwelo. Mvula yaikulu imagwa kuyambira chakumapeto kwa Malichi mpaka Meyi. Mitengo imatsika kwambiri ndipo mahotela ena amatseka kuti akonze nyumba. Mvula yochepa imabwera mu Novembala ndi Disembala. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kumawomba mphepo yochokera kummwera imene eniake amaitcha kusi, yofananako ndi mwera wathu. Kumazizirako bwino, koma ku Paje mphepoyo imakopa anthu ambiri ochita masewera okokedwa ndi makaiti pamadzi, ndipo imatha kukankhira ndere pagombe. Ngati mukupita ndi agogo kapena khanda, funsani ngati pafupi pali bala loimba nyimbo usiku. Ku Kendwa kumachitika madansi a pagombe mwezi ukakhala wathunthu, ndipo phokoso lake limafika kutali.

Powerengera ndalama, mtengo wa chipinda ndi gawo chabe. Kuchokera ku Stone Town kukafika ku Nungwi kapena ku Paje ndi ulendo wa ola limodzi kapena kupitirirapo, ndipo takisi ndi yodula. Maminibasi a kumeneko, otchedwa daladala, ndi otchipa koma ndi ana ndi zikwama mudzavutika. Funsani ngati hotela imatumiza galimoto kudoko ndipo mtengo wake mugwirizane musanakwere. Pali msonkho wa boma umene mlendo aliyense amalipira pa usiku uliwonse, umene mahotela ena saphatikiza pamtengo wolembedwa pa intaneti. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, boma la Zanzibar limafunanso kuti alendo ochokera kunja agule inshuwalansi yake asanalowe pachilumbachi, choncho ikhale pabajeti.

Nkhani ya chakudya ndi imene imadya ndalama mwakachetechete. Hotela yokhala payokha kutali ndi mudzi imakukakamizani kudya zonse momwemo, pamtengo wawo. Ngati ili pafupi ndi mudzi, lipirani chipinda ndi kadzutsa basi, nkhomaliro ndi mgonero muzikadya kumalo odyera a eni mudzi, kumene mpunga wa pilau, chapati ndi nsomba yophika ndi mkaka wa kokonati zimapezeka pamtengo wabwino. Tengani mashilingi okwanira ku Stone Town, chifukwa m'midzi yakugombe makina otapira ndalama ndi ochepa.

Anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu. Zovala zosambira zithere pagombe ndi padziwe la hotela; polowa m'mudzi amayi afunde chitenje, abambo avale malaya. Ngati ulendo wanu ukugwera m'mwezi wa Ramadan, malo ambiri odyera a m'midzi amatseka masana, ndiye pa nyengo imeneyo ndi bwino kusankha hotela yokhala ndi khitchini yakeyake ndi kuwafunsiratu ngati nkhomaliro izipezeka.