Makalata a omvera: Wophunzira wa ku Glasgow

Zikomo achimwene athu a ku Glasgow potilembera. Akuti akufuna kumakathandiza mwaulere pasukulu ya pulayimale, patchuthi n'kubereka chikwama kukaona dziko.

Achimwene, maganizowo ndi abwino, koma ku Scotland sangakusiyireni ana musanalembetse ku PVG, komwe a Disclosure Scotland amayamba afufuza mbiri yanu. Yambani msanga. Mufunsenso ku yunivesite ngati ntchitoyo iwerengedwe pa maola 20 a pasabata amene viza yanu imalola, pakuti a zolowa ndi kutuluka sachita nthabwala.

Za ulendo, musathamangire ku France, kumeneko kumafunika viza ina ya Schengen. Ndikanakhala ine, bwenzi nditayenda wapansi West Highland Way, makilomita 154 kuchokera ku Milngavie mpaka Fort William. Jekete la mvula musalisiye, ngakhale mu Julayi.