Zimene Ngalawa ya Spray Itiphunzitsa

Ambiri a ife tikamva za ulendo wa pa nyanja zazikulu za mchere timaganiza za sitima zikuluzikulu zokhala ndi injini ndi amalinyero ambirimbiri. Koma munthu woyamba kuzungulira dziko lonse lapansi ali yekhayekha sanakwere sitima iai. Iye anayenda pa ngalawa ya matabwa yopanda injini, yokankhidwa ndi mphepo yokha. M'litali mwake inali mamita 11 ndi pang'ono, ndiye kuti yosaposa basi yaikulu, ndipo m'mimba mwake inali mamita 4 ndi pang'ono.

Munthuyo ndi Joshua Slocum, amene anabadwa m'chaka cha 1844 ku Nova Scotia, m'dziko la Canada, ndipo ngalawa yake inali kutchedwa Spray. Ananyamuka ku Boston pa 24 Epulo 1895, nafika ku Newport pa 27 Juni 1898, atayenda mailosi oposa 46,000. Za ulendowu analemba m'buku lotchedwa Sailing Alone Around the World, limene linatuluka m'chaka cha 1900. Ine nditawerenga mbiri yake ndinaona kuti chimene chinamsunga ndi moyo sichinali mwayi kapena nyonga, koma ntchito imene anali kuigwiriratu ngozi isanafike. Tsono tiyeni tione ntchitoyi m'magawo atatu.

Kupanga ngalawa

M'chaka cha 1892 Slocum anali kaputeni wopanda chombo, ndipo ndalamanso analibe. Mnzake wina, Kaputeni Eben Pierce, anamuuza kuti ampatsa ngalawa. Atapita kukaiona ku Fairhaven, m'chigawo cha Massachusetts ku America, anapeza chigoba chakalekale chili pa mtunda, matabwa ake atawola. Anthu a kumeneko anayesa kuti wadza kudzachiphwasula, koma iye anayamba kuchimanganso, kuchotsa thabwa lowola nkuikapo latsopano, kufikira ngalawa yonse inasanduka yatsopano.

Anayambira pa msana wa ngalawa, ndiwo mtengo wautali umene umagona pansi penipeni kuchokera kutsogolo kufikira kumbuyo. Anadula yekha ndi nkhwangwa mtengo wolimba wa kumeneko wotchedwa oak, nausema. Akulu amati, konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Msana ukakhala wopindika kapena wofooka, ngakhale matabwa a pamwamba akongole chotani, ngalawayo siikhalitsa.

Pa msanawo anaimikapo nthiti. Mtengo wouma ukaupinda umathyoka, kotero iye anapanga bokosi lalitali nalilumikiza ku mphika wa madzi owira. Mitengo ikakhala m'nthunziyo inali kufewa, ndipo anali kuipinda ikali yotentha, nkuimanga kuti iume ili chipindire. Pa nthitizo anakhomera matabwa a paini ochindikala inchi imodzi ndi theka. M'mipata ya pakati pa matabwa analowetsamo thonje molimba, pakuti thonje ndi matabwa zikanyowa zimatupa ndi kutseka njira ya madzi. Pansi pa ngalawa anapakapo penti wosakaniza ndi mkuwa, woletsa tizilombo ta m'nyanja timene timaboola matabwa monga achitira anankafumbwe pa chimanga. M'kati mwake, pansi, anaikamo simenti yolemera kuti mphepo ikaipendeketsa ngalawa, kulemerako kuidzutsenso.

Ntchito yonseyi inamtengera miyezi 13, ndipo zipangizo zinadya madola 553 ndi masenti 62. Phindu lake ndi ili: pakati pa nyanja palibe mmisiri woti nkumuitana. Chinthu chikathyoka, Slocum anali kudziwa chimene chili kuseri kwake, pakuti anachikhoma ndi manja ake.

Kuyendetsa ngalawa

Aliyense angamve kuti mphepo ikaomba kuchokera kumbuyo, thanga limadzaza ndipo ngalawa imapita kutsogolo. Nanga mphepo ikamachokera kumene ufuna kupitako, utani? Apa ndi pamene pali nzeru.

Woyendetsa amakoka chingwe kuti thanga liime chopendekera, pafupifupi motsata utali wa ngalawa. Mphepo ikamadutsa pa thanga lofufumalo, imalikankhira cham'mbali ndiponso pang'ono chakutsogolo. Msana uja, pokhala wozama m'madzi, umakana kuti ngalawa itengedwere cham'mbali, ndipo mphamvu imene yatsala ndiyo imaipititsa kutsogolo. Yesani kufinya njere yoterera ya papaya pakati pa zala ziwiri. Zala zimaipana m'mbali, koma iyo imathawira kutsogolo. Ngalawa siingalunjike m'maso mwa mphepo, koma imayenda chopingasa, pafupifupi madigiri 45 kuchokera kumene mphepo ikuchokera, kenaka nkutembenukira mbali ina. Imayenda mokhotakhota monga achitira munthu wosenza katundu pokwera phiri lotsetsereka.

Chachiwiri ndicho kulinganiza matanga. Thanga la kutsogolo kwa mlongoti limakankha mphuno ya ngalawa kuti ithawe mphepo, pamene thanga la kumbuyo limakankha mbali ya kumbuyo, ndipo mphuno imabwerera ku mphepo. Mphamvu ziwirizi zikafanana, ngalawa imayenda molunjika yokha. Slocum anaidziwa bwino nzeru imeneyi, ndipo ali ku South America anawonjezera kamlongoti kena kumbuyo kwenikweni. Anali kulinganiza matanga, nkumanga chiwongolero ndi chingwe, iye nkumaphika, kuwerenga kapena kugona. M'chaka cha 1897 anayenda mailosi 2,700 kuchokera ku Thursday Island, kumpoto kwa Australia, kufikira ku zilumba za Cocos Keeling m'masiku 23, ndipo analemba kuti m'masiku onsewa anagwira chiwongolero maola atatu okha. Munthu mmodzi sangakhale maso usana ndi usiku, kotero popanda nzeru imeneyi ulendowo sukadatheka.

Chachitatu ndicho kuchepetsa thanga. Mphepo ikakula kawiri, mphamvu yake pa thanga imakula kanayi. Nchifukwa chake pa thanga pamakhala mizere ya tizingwe tomangira mbali ya m'munsi, kuti litsale laling'ono. Ntchito imeneyi iyenera kuchitika mitambo ikangoyamba kuda, pakuti namondwe akafika, thanga limakupiza mwaukali ndipo munthu akhoza kukankhidwira m'madzi.

Kuimika ngalawa

Ambiri amayesa kuti ngozi yaikulu ili pakati pa nyanja, koma ngalawa zambiri zimasweka pafupi ndi mtunda, pamene pali miyala ndi mchenga. Tsono kudziwa kuponya nangula nkofunika monga kudziwa kuyendetsa.

Asodzi a pa nyanja yathu ino amaimika bwato ndi mwala womangidwa ku chingwe, ndipo mwalawo umagwira chifukwa cha kulemera kwake. Nangula wachitsulo sagwira motero. Iye amagwira monga khasu. Mukalowetsa khasu m'nthaka nkumakoka mpini motsata pansi, khasu limangolowerabe, koma mukatukula mpini molunjika kumwamba limazuka msanga. Chomwechonso nangula ayenera kukokedwa chogona. Nchifukwa chake chingwe chake chimakhala chachitali kasanu kapena kasanu ndi kawiri kuposa kuya kwa madzi. Ngati madzi ndi akuya mamita 4, munthu amamasula chingwe cha mamita 20 kufikira 28, ndipo mphepo ikakula amawonjezera. Pafupi ndi nangula amaikapo unyolo, umene kulemera kwake kumagoneka chingwe pansi, ndiponso sudulidwa ndi miyala.

Dongosolo lake ndi ili. Poyamba sankha malo otchingidwa ndi mtunda ku mbali imene mphepo ikuchokera. Yesa kuya kwa madzi. M'masiku a Slocum anali kuyesa ndi chingwe chokhala ndi mtovu kunsonga, ndipo pansi pa mtovuwo anali kupakapo mafuta ouma kuti mchenga kapena matope zikangamire, munthu nkudziwa chimene chili pansi. Matope ndi mchenga zimagwira bwino. Pa udzu wa m'madzi nangula amaterera, ndipo pa miyala akhoza kukodwa osatulukanso. Kenaka lozetsa mphuno ya ngalawa ku mphepo kufikira itaima, tsitsa nangula pang'onopang'ono, ndipo ngalawa ikamabwerera m'mbuyo uzimasula chingwe. Ukaponya zonse pamodzi, chingwe chimakulunga nangula ndipo sagwira.

Ukatha, usafulumire kugona. Yang'ana zinthu ziwiri za pa mtunda zimene zaima mzere umodzi, monga mtengo ndi nsonga ya phiri. Zikayamba kutalikirana, dziwa kuti nangula akukhwekhwereka. Kumbukiranso kuti mphepo ikasintha, ngalawa imazungulira nangula monga mbuzi yomangidwa pa chikhomo, kotero pasakhale mwala kapena ngalawa ina m'bwalo lonselo. Pa nyanja ya mchere madzi amakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku, ndipo chingwe chiyenera kuyesedwa pa kuya kwa madzi atakwera. Usiku pachika nyale kuti zombo zina zikuone.

Nangula amathandizanso ngalawa ikatitimira mu mchenga. Mu Disembala 1895 Spray inayenda moyandikira kwambiri gombe la Uruguay, nikhala pa mchenga. Slocum anaika nangula ndi chingwe m'kabwato kake kakang'ono, napalasa kupita kwakuya, kuti akamponye kumeneko ndipo madzi akakwera akoke ngalawa ndi chingwecho. Kabwatoko kanalemedwa, ndipo atangoponya nangula kanagubuduka. Munthu ameneyu, amene anakhala pa nyanja chiyambire unyamata wake, sanali kudziwa kusambira. Anapulumuka pogwiririra kabwatoko, ndipo pambuyo pake Spray inatuluka mu mchenga nikakonzedwa ku Montevideo.

M'chaka cha 1896 anatha miyezi iwiri, kuyambira Febuluwale kufikira Epulo, akulimbana ndi mphepo pa njira ya madzi yotchedwa Strait of Magellan, kunsonga kwa South America. Kumeneko mphepo imagwa kuchokera m'mapiri modzidzimutsa, ndipo usiku ndi usiku moyo wake unali kudalira nangula ndi chingwe.

Mathero a nkhaniyi ndi omvetsa chisoni. Mu Novembala 1909 Slocum, ali ndi zaka 65, ananyamukanso pa Spray kulowera kumwera, ndipo iye ndi ngalawa yake sanaonekenso. Ena amene anaiona ngalawayo m'zaka zomalizazo ananena kuti inali itakalamba ndipo siinali kusamalidwa monga kale.

Ena a ife pa tchuthi timapita kwathu pa bwato kapena pa chombo cha matanga, ndipo m'miyezi yozizira mwera umautsa mafunde aakulu pa nyanja yathu. Tsono anzanga, musanakwere yang'anani ngati madzi sakulowa m'mipata, ngati katundu sanachuluke, ndi ngati muli nangula wokhala ndi chingwe chokwanira. Valani chovala choyandamitsa ngati chilipo, ndipo amene simudziwa kusambira pemphani anzanu odziwa akuphunzitseni pa madzi osaya.