Mayi Woyembekezera pa Nthaŵi Yoyesedwa Ntchito

Anthu ambiri kuno ku Neno timadalira khasu. Kumtunda kwa Dambe timalima mbatata ya kachewere ndi tirigu. Kumunsi ku Lisungwi ndi ku Zalewa timalima chimanga ndi kuŵeta mbuzi. Koma masiku ano amayi ndi atsikana ambiri akuloŵanso ntchito zolembedwa. Ena akugulitsa m'magolosale, ena akuphika m'malo ogona alendo, ena akusoka, ena ndi alembi m'maofesi pa boma. Phunziro lino ndi lawo ndiponso la amuna awo. Ndi lanunso inu amene munalemba munthu ntchito pa chigayo kapena pakhomo panu.

Kodi nthaŵi yoyesedwa n'chiyani?

Munthu akangoloŵa ntchito, kaŵirikaŵiri bwana amati, "Tiyambe takuonani kaye miyezi itatu." Miyezi imeneyi ndiyo nthaŵi yoyesedwa. Ambiri amati pulobeshoni. Bwana amafuna kuona ngati munthuyo ntchito akuitha. Nayenso wantchito amaona ngati malowo akumuyenera.

Dziko lathu lili ndi Lamulo la za Ntchito limene aphungu a Nyumba ya Malamulo anakhazikitsa m'chaka cha 2000. Ndime 26 ya lamuloli imakamba za nthaŵi yoyesedwa. Imati nthaŵiyi ndi ya anthu a ntchito za luso, ndipo bwana ndi wantchito ayenera kugwirizana za kutalika kwake. Isapitirire miyezi 12. Choncho bwana amene amangoti "mukadali pa pulobeshoni" chaka chino, chaka chamaŵa, mpaka zaka zitatu, akuphwanya lamulo.

Ndime yomweyo imanenanso kuti pa nthaŵi yoyesedwa ntchito ikhoza kutha tsiku lililonse popanda notisi. Bwana akhoza kuithetsa, wantchitonso akhoza kuisiya. Mau ameneŵa ndiwo amasokoneza anthu. Mabwana ena amaganiza kuti popeza notisi siyofunika, ndiye kuti akhoza kuchotsa munthu pa chifukwa chilichonse chimene chawafikira m'mutu. Si choncho ayi.

Mimba si mlandu

Tiyerekeze motere. Mayi wina wa ku Ligowe anaphunzira kusoka, ndipo walembedwa ntchito pa shopu ya telala. Agwirizana miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa. Miyezi itatu yatha bwino, palibe amene wadandaula ndi kasokedwe kake. Mwezi wachinayi mimba yayamba kuoneka. Tsiku lina apempha kuti Lachitatu apite ku sikelo. Loŵeruka lake bwana amuitana nati, "Mayi, ife kuno timafuna munthu wamphamvu. Bapitani kunyumba, mukachira tidzaona." Mayi uja anyamula chitenje chake, ulendo kumudzi, ali chete. Mumtima akuti, "Nanga ndinganene chiyani, poti ndinali pa pulobeshoni?"

Mayi ameneyu ali nacho chonena. Ndime 49 ya lamulo lija imati bwana amene wachotsa mayi ntchito chifukwa chakuti ali ndi pakati, kapena pa chifukwa china chilichonse chokhudza pakatipo, wapalamula mlandu. Ndimeyi siinapatule amayi amene ali pa nthaŵi yoyesedwa. Chilango chimene chinalembedwa m'chaka cha 2000 ndi chindapusa cha K20,000 ndi kukhala m'ndende zaka zisanu. Ndalamayo lero ndi yochepa, thumba la feteleza silingagulike nayo. Koma zaka zisanu sizinachepe ayi. Khoti likhozanso kulamula kuti mayiyo abwerere pa ntchito yake, kapena apatsidwe chipukuta misozi.

Tsono tamverani mfundo iyi, chifukwa ndi imene anthu ambiri saidziŵa. Pa milandu yambiri, wodandaula ndiye amabweretsa umboni. Mukati wakuti waba mbuzi yanu, mfumu imafunsa inu kuti munamuona liti, nanga mboni yanu ndani. Pa mlandu wa mayi woyembekezera zinthu zimatembenuka. Lamulo limati bwana ndiye asonyeze kuti sanamuchotse chifukwa cha mimba. Ngati akuti mayiyo ntchito samaitha, anene kuti inalakwika ntchito iti, tsiku liti, ndipo anamuchenjeza liti. Ngati miyezi itatu yonse anali kumuyamikira, kenaka mimba itaoneka n'kuyamba kunena kuti ndi waulesi, ovuta kuyankha ndi abwanawo.

Aphungu anachita bwino pamenepa. Paja palibe bwana amene angalembe pa pepala kuti, "Ndakuchotsa chifukwa uli ndi pakati." Amapeza mau ena. Amati malonda sakuyenda, kapena amati makasitomala akudandaula. Mayi wosauka sangathe kuloŵa mumtima mwa bwana kukatulutsa chifukwa chenicheni.

Komabe tinene chilungamo. Mimba siichotsa nthaŵi yoyesedwa. Mayi amene akujomba osanena, amene watenga ndalama za m'shopu, kapena amene ntchitoyo yamukanika ndithu, akhoza kuchotsedwa monga munthu wina aliyense. Chimene lamulo likukana ndi kusandutsa mimba kukhala mlandu.

Tchuthi cha uchembere

Ndime 47 imapatsa mayi wantchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 m'zaka zitatu zilizonse, akulandira malipiro ake onse. Masabata 8 ndi pafupifupi miyezi iŵiri. Tchuthichi sichidula zaka zake za pantchito. Akadwala chifukwa cha pakati kapena pobereka, ndipo dokotala walemba kalata, bwana amuwonjezere masiku. Tchuthi chikatha, ndime 48 imati abwerere pa ntchito yake yomwe ija. Zikhoza kusintha pokhapokha ngati ntchitoyo yatheratu pa malopo, kapena mayiyo sangathenso kuigwira.

M'chaka cha 2021 lamuloli linawonjezeredwa. Tsopano mayi woyamwitsa ali ndi ufulu woyamwitsa mwana kaŵiri pa tsiku nthaŵi ya ntchito, theka la ola ulendo uliwonse, mpaka mwana atakwana miyezi isanu ndi umodzi. Abambo nawonso anakumbukiridwa. Mkazi wawo akachira, bambo wapantchito apatsidwe tchuthi cha masabata aŵiri, kamodzi m'zaka zitatu. Abambo, masabata ameneŵa ndi otunga madzi ndi kuwaza nkhuni, osati a bawo.

Pensulo yanu ikuthandizeni

Inu amene mwamaliza sukulu ya kwacha muli ndi chida chimene amayi athu akale analibe. Mukutha kuŵerenga ndi kulemba. Poyamba ntchito, pemphani kalata yosonyeza tsiku loyamba, malipiro anu, ndi miyezi yoyesedwa. Iŵerengeni musanasaine. Ngati yalembedwa m'Chingerezi, pitani nayo kwa munthu amene mumamukhulupirira akumasulireni. Lonjezo la pakamwa limauluka. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Gulani kope la masamba ochepa. Lembanimo tsiku limene munayamba ntchito, tsiku lililonse limene mwalandira malipiro, ndi tsiku limene munauza bwana kuti ndinu oyembekezera. Ine ndimalangiza kuti nkhani imeneyi muinene polemba kakalata, ndipo china chofanana nacho musunge kunyumba. Ndikudziŵa kuti pa mwambo wathu mimba yaing'ono sitiilengeza. Simukuuza mudzi wonse ayi, mukuuza munthu mmodzi. Amayi ena amamanga mimba ndi nsalu kuti bwana asaone, ena amaleka kupita ku sikelo poopa kupempha chilolezo. Kutero n'kuika moyo wa anthu aŵiri pa ngozi. Sikelo musaphonye, kaya ndi ku chipatala cha pa boma, kaya ku Lisungwi, kaya chipatala chaching'ono cha kwanu. Kabuku kanu ka kuchipatala kali ndi madeti, ndipo madetiwo ndi umboni.

Mukachotsedwa, musakangane ndi bwana pa khomo la shopu. Pemphani kalata yonena chifukwa. Akakana, lembani m'kope lanu mau amene ananena, tsiku lake, ndi anthu amene analipo. Kenaka pitani ku ofesi ya za ntchito, imene timaitchula kuti ku Leba.

Apa samalani masiku. Ndime 62 imati dandaulo lifike ku Leba pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene munachotsedwa. Mukachotsedwa pa 10 Januwale, musafike pa 10 Epulo musanapite. Miseu ya kwathu kuno mukuidziŵa nthaŵi ya dzinja, ndipo mimba nayo imanka ikulemera. Mukati "ndipita ndikachira," miyezi ija idzakhala itatha. Pitani sabata yomweyo, ndipo abambo akunyumba kapena mbale wanu akuperekezeni. A ku Leba amaitana bwana kuti mukambirane. Nkhani ikakanika kwa mwezi umodzi, ikhoza kupita ku Khoti la Milandu ya za Ntchito. Loyandikira kwa ife lili ku Blantyre.

Tiyeni tilembe

Koperani kalata iyi m'kope lanu. Tiyerekeze kuti inu ndinu mayi wa ku Ligowe uja. Lembani mau oyenera m'mipatamo.

Kwa Mkulu wa Ofesi ya za Ntchito,
Neno.

Bwana,

Ine ........ wa m'mudzi mwa ........, Mfumu Yaikulu ........, ndinayamba ntchito ya ........ pa ........ Tinagwirizana miyezi ........ yoyesedwa. Malipiro anga anali K........ pa mwezi. Pa ........ ndinadziŵitsa abwana kuti ndine woyembekezera. Pa ........ anandiuza kuti ntchito yatha. Sanandichenjezepo kale za vuto lililonse. Ndikupempha kuti mundithandize.

Ine wanu,
........

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi nthaŵi yoyesedwa isapitirire miyezi ingati?
2. Mayi woyembekezera akachotsedwa ntchito, ndani ayenera kusonyeza chifukwa chake?
3. Mayi wachotsedwa pa 5 Juni. Kodi afike ku Leba lisanakwane tsiku liti?
4. Inu muli ndi golosale, ndipo mtsikana amene munamulemba mwezi watha wakuuzani kuti ali ndi pakati. Mugwirizana naye zotani za masiku a sikelo, nanga adzakuthandizani ndani iye akadzakhala pa tchuthi?