Mtsogoleri Wolimba Mtima pa Malonda

Anthu ambiri akamva za kulimba mtima amaganiza za mlenje wolondola kambuku kapena msodzi wopalasa bwato pa namondwe. Komatu kulimba mtima kumafunikanso pa malonda. Nthaŵi zina mtsogoleri wa bizinesi amayenera kusankha pakati pa phindu ndi moyo wa anthu.

Ku America kuli kampani yaikulu yotchedwa Johnson & Johnson. M'chaka cha 1982 mkulu wa kampaniyi adali James Burke. Panthaŵiyo kampaniyi inkapanga Tylenol, mankhwala ochepetsa kupweteka kwa mutu ndi thupi, amene ankayenda malonda kwambiri.

Chaka chomwecho anthu 7 a mumzinda wa Chicago ndi madera ozungulira adamwalira atamwa makapisozi a Tylenol. Mmodzi mwa iwo adali mtsikana wa zaka 12. Apolisi atafufuza adapeza kuti munthu wina wankhanza adathira chiphe m'makapisoziwo, mabotolo atachoka kale ku fakitale.

Burke akadatha kungokhala chete poti chiphecho sichidachokere ku kampani yake. Ena ankaganiza kuti kuchotsa mabotolo a ku Chicago okha kudali kokwanira. Koma palibe amene ankadziŵa kuti mabotolo achiphe adalipo angati, kapena kuti adali kuti. Motero Burke adalamula kuti makapisozi onse a Tylenol achotsedwe m'masitolo a dziko lonselo. Mabotolo pafupifupi 31 miliyoni adabwezedwa, ndipo kampani idataya ndalama zokwana pafupifupi madola 100 miliyoni. Kampaniyo idachenjezanso anthu m'nyuzipepala ndi pa wailesi kuti asamwe makapisoziwo.

Ambiri adati malonda a Tylenol athera pomwepo. Koma chaka chisanathe mankhwalawo adabwereranso m'masitolo, botolo lililonse litamatidwa patatu kuti wogula azindikire ngati wina walitsegulapo. Anthu adayambanso kugula chifukwa adaona kuti kampaniyo idawauza zoona panthaŵi yovuta. Masiku ano mabotolo ambiri a mankhwala, ngakhale a m'masitolo a kuno ku Malaŵi, amabwera atamatidwa pakamwa.

Kulimba mtima kwa Burke sikudabwere mwadzidzidzi. Mu 1943 kampaniyo idalemba mfundo zake, ndipo mfundo yoyamba idali yosamalira anthu ogwiritsa ntchito katundu wake. Zaka zingapo ngoziyo isanachitike, Burke adasonkhanitsa akuluakulu anzake kuti akambirane ngati ankazikhulupiriradi mfundozo. Tsono vuto litafika, adali atadziŵa kale choyenera kuchita.

Izi zikusonyeza kuti kulimba mtima kumaphunziridwa pang'onopang'ono. Choyamba, munthu adziŵiretu zinthu zimene sangachite ngakhale zitam'patsa ndalama. Chachiŵiri, azoloŵere kunena zoona pa zinthu zazing'ono. Mayi wogulitsa nsomba pamsika amene amauza wogula kuti nsomba zina zayamba kuwonongeka amataya ndalama tsiku limenelo, koma wogulayo amabweranso maŵa. Chachitatu, asaope kulankhula pamene anzake ali chete. Paja akuluakulu adati mbeŵa ya manyazi idafera kuuna.

Munthu wolimba mtima naye amachita mantha, koma salola manthawo kum'letsa kuchita chabwino. Mwana amene lero wabweza chenje chopitirira ku golosale wayamba kale kuphunzira utsogoleri wotere.

Mafunso

1. Kodi James Burke adali yani?
2. Nchiyani chidachitika ku Chicago m'chaka cha 1982?
3. Chifukwa chiyani Burke sadachotse mabotolo a ku Chicago okha?
4. Nchiyani chidachititsa kuti anthu ayambenso kugula mankhwalawo?
5. Tchulani njira zitatu zophunzirira kulimba mtima.
6. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli m'nkhaniyi.

Ntchito

(a) Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: phindu, chiphe, mfundo, namondwe.
(b) Lembani ndime imodzi yofotokoza zimene wogulitsa mandasi ayenera kuchita atazindikira kuti ufa umene waphikira udali wowonongeka.