Chifukwa Chake Mazira a Nkhanga Akuthera M'timatchire Ting'onoting'ono

Alimi anzanga, mayi wina wa ku Nsipe anandidandaulira kuti nkhanga zake zimaikira m'kathengo ka kuseri kwa munda, koma anapiye sawaona. Titapita kukayang'ana tinapeza makoko a mazira okhaokha. Mayiwo ankaganizira ana a m'mudzi, koma wakuba anali wina.

Nkhanga, nkhwali ndi zinziri zimaikira pansi, ndipo chitetezo chawo n'kubisala basi. Adani awo monga agalu, nyenga, ng'azi ndi akhwangwala amakonda kusaka m'mphepete mwa tchire, pomwe lakumana ndi minda. Tsono tchire likachepa, lonse limasanduka mphepete.

M'chaka cha 1985, katswiri wina wa ku America, a David Wilcove, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Iwo anaika mazira a zinziri m'zisa zopanga. M'nkhalango yaikulu ya Great Smoky Mountains zisa 2 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinaonongedwa, pomwe m'timikuwa ta m'midzi ndi pafupi ndi matauni zinaonongeka pafupifupi theka kapena kuposerapo. Akatswiri ena anapezanso kuti ngozi imakula kwambiri pa mamita 50 oyamba kuchokera m'mphepete.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Hekitala imodzi ndi mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi. Mukachotsa mamita 50 mbali zonse, pakati sipatsala malo obisika. Koma tchire la mamita 200 mbali zonse, lomwe ndi mahekitala 4, limatsala ndi hekitala yathunthu pakati. N'chifukwa chake nkhalango ngati Dzonzi ndi Mvai n'zofunika kwa mbalame zam'tchire.

Nanga tichitenji? Lamulo la zankhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango yawoyawo. Kambiranani ndi amfumu kuti musunge malo amodzi aakulu m'malo mwa tizidutswa tambirimbiri, ndipo musadulemo njira. Mangani agalu nyengo ya dzinja pamene nkhanga zikuikira. Lambulani m'mbali mwa nkhalango kuti moto usalowe, poti udzu ndiwo umabisa zisa.

Oweta nkhanga, tolani mazira tsiku ndi tsiku, n'kusiyamo ochepa kuti nkhanga isasamuke. Apatseni nkhuku ya thadzi ifungatire. Amaswa pakatha masiku 26 mpaka 28. Mayi a ku Nsipe aja anachita zimenezi, ndipo tsopano anapiye akuwaona.

Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Nafenso tipangane mvula isanagwe.