Phukusi Likabwerera kwa Wogulitsa: Mafunso ndi Mayankho pa Malonda a pa Intaneti ku Ekurhuleni

Makalata ambiri amene talandira kuchokera kwa Amalawi okhala ku Ekurhuleni, ku South Africa, akukhudza katundu wogulidwa pa intaneti amene wabwerera kwa wogulitsa chifukwa keyala ya wogula inali yakale. Vutoli lili ndi mizu m'dera lomweli. Khonsolo ya Ekurhuleni inapangidwa mu 2000 pophatikiza matauni a Alberton, Benoni, Boksburg, Brakpan, Edenvale, Germiston, Kempton Park, Nigel ndi Springs pamodzi ndi malokeshoni awo, ndipo tauni iliyonse inabwera ndi mayina ake a misewu, moti msewu wa Voortrekker ulipo ku Alberton komanso ulipo ku Brakpan. Kuwonjezera apo, obwera ambiri amachita lendi m'zipinda za kuseri kwa nyumba za eni ake, amasamuka ntchito ikasintha kapena lendi ikakwera, pamene keyala imene analemba tsiku loyamba kugula imatsalira mu foni. Makalatawa aikidwa mwachidule, ndipo akuyankha ndi katswiri wa malamulo a malonda.

Funso: Mayi wina wa ku Tembisa, amene amagulitsa nsapato ndi zitenje kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, analandira ndalama zonse kwa wogula wa ku Katlehong natumiza phukusi pa keyala imene anapatsidwa. Dalaivala wa kampani yonyamula katundu atafika anauzidwa kuti munthuyo anasamuka, phukusi linabwerera, ndipo amayiwa analipiritsidwanso ulendo wobwerera. Wogula akuti atumizirenso popanda malipiro kapena abweze ndalama zonse. Amayiwa akufunsa kuti wolakwa ndani.

Yankho: Kubwerera kwa phukusi sikuthetsa malonda. Pangano la kugula ndi kugulitsa likadalipo, katundu akudikirabe mwini wake, ndipo amayiwa sangasunge nsapato ndi ndalama zomwe ngati kuti nkhani yatha. Zimene zasintha ndi zoti pabuka ndalama zina zoonongeka, ndipo funso lenileni ndi lakuti zigwere ndani.

Malamulo a mapangano a dziko la South Africa, amene anachokera ku malamulo akale a Aroma ndi a Adatchi, ali ndi mfundo yotchedwa mora creditoris m'Chilatini, kutanthauza kuchedwetsa kochitidwa ndi munthu amene amayenera kulandira. Wogulitsa akachita mbali yake, katundu n'kufika pamalo amene anagwirizana, koma kulandira n'kulephereka chifukwa cha wogula, mlandu wa kuchedwako suli pa wogulitsa, ndipo iye ali ndi maziko opemphera kuti ndalama zimene wataya chifukwa cha kulepherekako zibwezedwe. Choncho ngati uthenga wa pa WhatsApp ukuonetsa kuti wogula ndiye analemba keyala yakaleyo, ndipo zolembedwa pa phukusi zikufanana ndendende ndi uthengawo, amayiwa sakukakamizidwa kulipira ulendo wachiwiri kuchokera m'thumba mwawo. Koma ngati wogula anatumiza keyala yatsopano phukusi lisananyamuke, amayiwa n'kukopera yakale kuchokera pa malonda a miyezi yapitayo, zonse zili pamutu pawo. Mlandu wonse ukutsamira pa mauthengawo, ndiye chifukwa chake sayenera kufufutidwa, pamodzi ndi lisiti ya kampani yonyamula katundu ndi nambala yolondolera phukusi.

Pa za kubweza ndalama, amayiwa achite mwanzeru osati mwaukali. Lamulo lotchedwa Electronic Communications and Transactions Act la 2002, limene limayang'anira malonda a pa intaneti, m'ndime 44 limapatsa wogula masiku asanu ndi awiri kuchokera tsiku lolandira katundu kuti athetse malonda popanda kupereka chifukwa, ndipo chimene angalipiritsidwe ndi mtengo weniweni wobwezera katunduyo, pamene ndalama zake ziyenera kubwezedwa pasanathe masiku 30. Wogulitsa amene akukaniratu kubweza akulimbana ndi ufulu umene wogula akanakhala nawo ngakhale phukusi likanafika. Ufuluwu sukhudza zinthu zina, monga zakudya zosachedwa kuonongeka ndi katundu wopangidwa motsata zofuna za wogula, moti diresi losokedwa pa miyeso ya munthu mmodzi silili m'gulu limodzi ndi nsapato za m'bokosi. Njira yabwino ndi kulembera wogula uthenga umodzi womveka, wosonyeza ndalama zimene zapita pa ulendo uliwonse, ndi kumupatsa mwayi wosankha pakati pa kulipira ulendo watsopano, kudzatenga yekha katundu, kapena kulandira ndalama zake atachotsapo za ulendo wobwerera. Za ulendo woyamba ndi pamene anthu amakanganirana kwambiri, ndipo kuchotsa ndalamazo kumakhala kolimba ngati wogulitsa ananeneratu za zimenezi malonda asanachitike kapena ngati wogula wavomera molemba.

Funso: Bambo wina amene anasamuka ku Boksburg kupita ku Daveyton anagula foni pa sitolo ya pa intaneti osazindikira kuti keyala yakale ndiyo inali yosungidwa. Akudandaula kuti sitoloyo inayenera kuwafunsa kaye.

Yankho: Lamulo la 2002 lija, m'ndime 43, limalamula wogulitsa kuti apatse wogula mpata woonanso zonse zimene walemba, kukonza zolakwika, ngakhale kusiya kugula, asanatsimikize komaliza. Tsamba limene limabwera munthu asanalipire, lokhala ndi katundu, mtengo ndi keyala, ndiwo mpata umenewo. Ngati abambowa anaona tsambalo n'kudina kuti zonse zili bwino, sitolo inawafunsa kale, ndipo dandaulo lawo pa mfundo imeneyi ndi lofooka. Chimene chikuwateteza ndi ndime 65 ya lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, imene imaletsa wochita malonda kutenga ndalama zolipiriratu kapena katundu wa wogula ngati zake, ndipo imamulamula kuzisamala. Abambowa akonze keyala, alembere sitolo kuti akufuna foni kapena ndalama, ndipo akhale okonzeka kulipira ulendo wina.

Pokonza keyalayo asasiye nambala ya positi ya manambala anayi, nambala ya nyumba, dzina la chigawo cha lokeshoni ndi dzina la mwini nyumba ngati akukhala kuseri. Kulemba kuti Tembisa basi sikuthandiza dalaivala, chifukwa lokeshoniyo ili ndi zigawo zambiri, ndipo ena amene amati amakhala ku Tembisa kwenikweni ali ku Ivory Park, dera loyandikana nalo limene lili pansi pa khonsolo ya Johannesburg.

Funso: Mnyamata wina wa ku Germiston, wogulitsa zipangizo za mafoni, wasunga phukusi lobwerera kwa miyezi iwiri, ndipo nambala ya wogula sikupezekanso. Akufunsa ngati angagulitse katunduyo kwa wina.

Yankho: Kusowa kwa wogula sikusandutsa ndalama zake mphatso. Pa lamulo la Prescription Act la 1969, ngongole wamba imatha mphamvu pakadutsa zaka zitatu, kotero wogula amene wabwerera kumudzi ku Mangochi kapena ku Mzimba akhoza kutulukira chaka chamawa n'kufunsa zake, ndipo adzakhala akunena zoona. Mnyamatayu atumize uthenga ku njira zonse zimene ali nazo, kaya ndi nambala ya foni, Facebook kapena imelo, wonena kuti katundu wabwerera, ndi kupereka nthawi yokwanira, yotchulidwa tsiku lake, kuti wogula ayankhe, apo ayi malonda adzathetsedwa. Tsikulo likadutsa akhoza kuthetsa malondawo n'kugulitsa katunduyo, koma mtengo wake, atachotsapo zimene anataya pa kutumiza ndi kubweza, aziuwerenga ngati ndalama za mwini wake. Ngati zinabwera kudzera ku banki, umboni wa malipirowo ungathandize kupeza njira yozibwezera. Pa nthawi yonse yodikirayi mnyamatayu sayenera kugwiritsa ntchito katunduyo kapena kumutaya mwadala, ngakhale kuti lamulo limamupeputsira udindo pa zoonongeka zimene sizinachitike mwa kusasamala kwakukulu.

Funso: Mayi wina wa ku Vosloorus akuti phukusi lawo silinabwerere n'komwe, koma linasiyidwa kwa munthu wa pa nyumba yakale amene anasayina.

Yankho: Apemphe ku kampani yonyamula katundu chikalata chosonyeza dzina la amene anasayina ndi nthawi yake, kenako apite nacho kwa eni nyumba yakale mwaulemu, poti kawirikawiri phukusi limakhala lili pamwamba pa kabati kudikira mwini wake. Wolandirayo akakana kupereka katundu amene akudziwa kuti si wake, nkhaniyo ndi yoyenera kupolisi.

Funso: Anthu angapo afunsa kumene angakadandaule kukambirana kukalephereka.

Yankho: Wogula amene akulimbana ndi bizinesi angapite ku ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud, imene imamva madandaulo a ogula popanda malipiro, kapena ku National Consumer Commission. Koma lamulo la 2008 limakhudza okhawo amene kugulitsa ndi ntchito yawo ya nthawi zonse, choncho munthu amene wagulitsa firiji yake yakale kamodzi kokha pa Facebook salowa m'menemo. Milandu yotereyi malo ake ndi khoti la milandu ya ndalama zochepa, Small Claims Court, limene limakhala pa makhoti a majisitireti ndipo malire ake anakwezedwa mu 2019 kufika pa R20 000. Kumeneko maloya sayimira munthu, ndipo wodandaula amayamba walembera mnzakeyo kalata yomupatsa masiku 14 kuti alipire asanatenge samani. Kampani singasumire munthu kukhotili, ngakhale iyo ingasumiridwe. Komabe pa phukusi la nsapato, ndalama za mathekisi ndi masiku ojomba kuntchito zikhoza kuposa mtengo wa ulendo umene anthu awiriwo akukanganira.

Funso: Bambo wina wa ku Kempton Park, amene akuyamba kumene malonda, akufunsa mmene angapewere zonsezi.

Yankho: Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa malonda awa kufunsa kumatanthauza kutumizira wogula chithunzi cha pepala la pa phukusi lisananyamuke, kuti ayankhe molemba kuti keyalayo ndi ya kumene akugona lero. Abambowa alembenso poyera, pa tsamba lawo kapena mu uthenga woyamba, amene adzalipire phukusi likabwerera, poti ndime 43 ija imafuna kuti wogulitsa aonetse mtengo wonse pamodzi ndi wa kutumiza, ndiponso ndondomeko yake ya kubweza katundu ndi ndalama. Asamakopere keyala kuchokera pa malonda akale, pakuti ngakhale lamulo loteteza mbiri za anthu, Protection of Personal Information Act la 2013, limafuna kuti wosunga mbiri za makasitomala ayesetse kuti zikhale zolondola ndi zatsopano.

Kwa makasitomala amene amasamukasamuka, kutumiza ku malo okatengera katundu kumaposa kutumiza pakhomo. Njira ya PAXI imadutsa m'masitolo a PEP, ya PUDO imagwiritsa ntchito mabokosi okhoma, ndipo PostNet imatumiza kuchokera pa nthambi ina kupita pa ina. Izi zafala kwambiri m'zaka zimene positi ya boma yakhala pa mavuto a zachuma, mpaka kuikidwa pa ndondomeko yoipulumutsa mu 2023. Pa njira zimenezi chimene chimakalamba si keyala koma nambala ya foni, chifukwa uthenga wonena kuti phukusi lafika, pamodzi ndi nambala yachinsinsi yotengera, umapita pa foni, ndipo phukusi losatengedwa m'masiku oikika limabwezedwanso. Abambowa aziimba nambalayo tsiku lotumiza, ndipo ngati wogula akuyembekeza kusintha simu kadi kapena kupita kumudzi, apemphe nambala yachiwiri ya m'bale amene atsale.