MANKHWALA OCITITSA DZANZI: UBWINO WACE NDI KUOPSA KWACE

M'zipatala ndi m'masitolo a mankhwala mupezeka mankhwala amene nchito yace ndiyo kucititsa dzanzi pamalo powawa. Ena ndi mafuta opaka pakhungu kapena m'nkhama, ena ndi opopera kukhosi, ena ndi odonthezera m'diso. Maina ace olembedwa pabotolo kawiri-kawiri ndiwo lidocaine, benzocaine, prilocaine ndi tetracaine. Anthu ambiri ayesa kuti mankhwala opaka sangaphe munthu, popeza samwedwa. Maganizo amenewa ndi olakwa, pakuti cimene cipakidwa pakhungu cikhoza kulowa m'magazi.

CIYAMBI CACE

M'caka ca 1884 dotolo wa maso Carl Koller, wa ku Vienna, anadontheza cocaine m'diso, naona kuti diso likhoza kucitidwa opareshoni wodwala osamva kuwawa. Koma cocaine anali woopsa ndi wozoloweretsa, cotero akatswiri anafunafuna ena. Benzocaine anapangidwa ndi Eduard Ritsert ku Germany mu 1890, ndipo lidocaine anapangidwa ndi Nils Löfgren ku Sweden mu 1943. Cifukwa ca mankhwala a mtundu umenewu, lero cironda cisokedwa ndi dzino lizulidwa munthu ali maso, osapfuula.

MACITIDWE ACE

M'thupi muli timitsempha tonyamula uthenga kunka ku ubongo. Munthu akaponda munga, uthenga uthamanga m'timitsempha timeneti, ndipo ukafika ku ubongo iye amva kuwawa. Mankhwala ocititsa dzanzi atseka njira ya uthengawo kwa kanthawi. Munga ulipobe, koma mthenga wagona. Pamenepa pali mfundo ziwiri. Yoyamba: mankhwalawa saciritsa nthenda, angobisa ululu wace. Yaciwiri: mtima ndi ubongo nazonso zigwira nchito ndi uthenga wa mtundu womwewo, cotero mankhwalawa akacuruka m'magazi asokoneza zonse ziwiri.

ZOOPSA ZINAI

1. Kucuruka m'magazi. Mankhwala alowa msanga akapakidwa ambiri, pamalo patali, pacironda kapena popsa ndi moto, ndiponso akakutidwa ndi pulasitiki kapena kutenthetsedwa. Munthu ayamba kumva dzanzi m'milomo ndi m'lilime, kukoma kwa citsulo m'kamwa, kulira m'makutu, ndi cizungulire. Pambuyo pace akhoza kugwa ngati wakhunyu, mtima ndi kuyenda mosalongosoka, kufikira kuima. Mu 2007 bungwe la boma la America loyang'anira zakudya ndi mankhwala, lochedwa FDA, linacenjeza anthu cifukwa ca akazi awiri, wa zaka 22 ndi wa zaka 25. Iwo anapaka mafuta otere m'miyendo, nakulunga ndi pulasitiki, pokonzekera kukacotsa ubweya ndi makina. Onse awiri anakomoka, ndipo pambuyo pace anafa.

2. Magazi kulephera kunyamula mpweya. Benzocaine ndi prilocaine akhoza kusanduliza magazi kuti asafikitse mpweya wabwino m'thupi. Izi zioneka patapita mphindi zowerengeka kapena ora limodzi kapena awiri, ngakhale pa kupaka koyamba. Milomo, lilime ndi zikhadabo zituwa kapena kubiriwira; munthu apuma mobvutika, nafooka, mtima uli kugunda msanga. Makanda ndiwo agwidwa koposa, ndipo mu 2018 bungwe lomwe lija linaletsa kupaka benzocaine m'kamwa mwa ana osafika zaka 2. Kucipatala kuli mankhwala obweza bvutoli, ochedwa methylene blue, koma athandiza amene wafika msanga.

3. Kudzipweteka osadziwa. Kuwawa ndi mlonda wa thupi. M'kamwa mukacita dzanzi, munthu aluma lilime kapena tsaya, napsa ndi phala lotentha, osamva kanthu. Kukhosi kukacita dzanzi, cakudya cikhoza kusocera kunjira ya mpweya, iye ndi kutsamwa.

4. Kuononga diso. Oocherera zitsulo, ndi ena amene kacitsotso kawagwera m'diso, akhumba madontho amene dotolo anawathira powapima. Madonthowa akathiridwa kawiri-kawiri aletsa diso kupola, nacititsa cironda pagalasi la diso, ndipo munthu akhoza kukhala wakhungu.

Aliponso anthu ena amene thupi lao lidana ndi mankhwalawa: atuluka ziwengo, khungu liyabwa, kapena nkhope ndi milomo zitupa. Wotere asabwerezenso, ndipo auze dotolo ali yense amene adzamthandiza m'tsogolo.

MWANA AKAMERA MANO

Mai aona mwana wace ali kulira ndi kudontha dobvu, ndipo cifundo cimkakamiza kupaka kanthu m'nkhama. Komatu dobvu licotsa mankhwalawo msanga, mwana ndi kuwameza. Mai apakanso, ndipo muyeso upitirira. Njira yabwino ndiyo kusisita nkhama ndi cala cosamba bwino, kapena kumpatsa kansaru koyera konyowetsa ndi madzi ozizira akumwa kuti alume. Ngati mwana atentha thupi kwambiri kapena atsegula m'mimba, makolo asanene kuti ndi mano cabe. Akhoza kukhala malungo kapena nthenda yina, ndipo mwanayo apite kucipatala tsiku lomwelo.

MALANGIZO

Munthu apake pang'ono, pamalo pang'ono, monga mwa muyeso umene dotolo kapena namwino wanena.

Asapake pacironda cacikuru kapena popsa ndi moto, ndipo asakute ndi pulasitiki, pokhapo ngati a cipatala alamula.

M'kamwa kapena kukhosi mukacita dzanzi, adikire ngati ora limodzi, kufikira dzanzi litatha, asanadye kapena kumwa zotentha.

Asambe m'manja atapaka, kuopa kukhudza diso.

Mankhwala asungidwe pamwamba posafika ana, ndipo asabwerekanidwe.

Mai wapakati kapena woyamwitsa, ndi wodwala mtima kapena ciwindi, afunse asanapake. Akale anati, safunsa anadya phula.

Dzino likawawa masiku awiri, munthu apite kukapimitsa, pakuti mafinya sakutha ndi dzanzi.

Zizindikiro zoopsa zikaoneka, abale apukute mankhwala otsala, atsuke pamalopo ndi madzi, nathamange naye wodwala kucipatala, atanyamula botolo kuti dotolo awerenge dzina lace. Asayembekeze kuti kuce.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mankhwala ocititsa dzanzi aciritsa nthenda? Nanga acita ciani?
2. Ndi zinthu ziti zimene ziwalowetsa msanga m'magazi?
3. Kodi mai athandize bwanji mwana womera mano?
4. Kodi abale acitenji akaona milomo ya wodwala iri kubiriwira?